Linga lokha silikupulumutsani ku Acre

Wowerenga wina wa kwathu konkuno ku Mangochi, cha ku Namwera, wanditumizira imelo. Akuti wakanirira pa gawo lomaliza la nkhondo za Saladin mu gemu ya pakompyuta ya Age of Empires II, lotchedwa The Lion and the Demon, momwe wosewera amatsogolera Asaraceni, anthu a Saladin, poteteza mzinda wa Acre kwa ankhondo a mtanda ochokera ku Ulaya. Amamanga makoma ndi nsanja mbali zonse, koma Wonder (chinyumba chachikulu chimene muyenera kumanga ndi kuteteza kuti mupambane) isanathe nʼkomwe, adani amakhala atagumula kale mzinda. Funso lake ndi loti awonjezere ma Castle (nyumba zolimba za miyala zolasa adani) angati.

Achimwene, ngakhale mutamanga khumi, adzagwa ndithu ngati asilikali anu akungokhala mʼkati kudikira. Chikukuphani ndi trebuchet, chilegeni chachikulu chija. Chimaponya mwala patali mabwalo 16 (mabwalo ndi timabokosi toyezera mtunda pamapu a gemuyi), pomwe mivi ya Castle imathera pa 8, kapena 11 mukagula zonse zowonjezera kwa Blacksmith, wosula zida. Ndiye chimangoima patali nʼkumagumula mwakachetechete, Castle yanu ili maso tuzu, osachigwira. Mʼgawo limeneli adani ali ndi zina ziwiri zoopsa kwambiri zomwe zili ndi mayina, Bad Neighbor ndi God's Own Sling.

Koma trebuchet ili ndi ulesi wake. Imafuna nthawi kuti itambasulidwe ndi kupindidwanso, imayenda pangʼonopangʼono, ndipo singalase chinthu chimene chili pafupi nayo kwenikweni. Mukaifikira basi, yatha. Choncho khalani ndi kagulu ka okwera pa akavalo opepuka kuseri kwa chipata, ntchito yawo ikhale imodzi yokha. Mwala woyamba ukagwa, tsegulani chipata, athamange, aphwanye chilegenicho, abwerere. Asatsatire aliyense wothawa. Okwerawa, monga ma Hussar, amagulidwa ndi chakudya chokha, ndiye akafa simulira nawo maliro.

Golide musungire ma Mameluke. Awa ndi okwera ngamila amene amaponya malupanga, amatuluka mu Castle, ndipo mmodzi amadya golide 85. Ngodula, inde, koma akavalo olemera a Afalansa akakumana nawo amangogwa ngati mango a Disembala. Chenjezo langa ndi ili: musawakhulupirire pa chilichonse. Ma Teutonic Knight, asilikali oyenda pansi a gulu la adani la Knights Templar, avala zitsulo zoti lupanga silimva kanthu. Amenewo ndi a mivi ndi mfuti, ndipo poti amayenda ngati atopa, oponya mivi anu akhoza kuwamaliza asanafike pakhoma. A mauta aatali a Richard the Lionheart, mfumu ya England, ndi vuto linanso, amalasa ali patali kuposa anthu anu. Atumizireni ma Skirmisher, oponya mikondo, kapena akaunjikana pamodzi muwagwetsere mwala wa Onager, chilegeni choyenda pa mawilo. Kungowasiya ayime pamenepo, adzakutherani ma villager (antchito anu) onse okonza khoma.

Chimene ambiri amachinyalanyaza ndi msika, chonsecho mʼgemu yonseyi Asaraceni ndiwo eni ake a malonda. Mitundu ina imadulidwa 30 peresenti pogula ndi pogulitsa, inu 5 yokha. Wonder imafuna matabwa 1,000, golide 1,000 ndi miyala 1,000, ndipo Castle iliyonse ndi miyala 650. Mukuona kuti ma Castle amene mukufuna kuwonjezerawo akudya miyala ya Wonder yomweyo? Limani minda yambiri, gwirani nsomba, gulitsani chakudya chotsala, mugule chimene chikusowa. Mtengo umakwera mukamagula chinthu chimodzimodzi motsatizana, ndiye muzigula pangʼonopangʼono kuyambira pachiyambi, osati zonse tsiku la tsoka.

Kunyanja musakuiwale. Ife a mʼmbali mwa nyanja timadziona ngati madzi ndi athu, koma adani a ku Genoa akabwera ndi zombo zawo amagumula chilichonse chili pagombe. Zombo zanu zankhondo zimalasa msanga kuposa za mitundu ina. Zikhale pamodzi pafupi ndi doko, muonjezere zoponya moto zingapo. Simukufuna kulanda nyanja yonse ayi, kungoti asayandikire.

Malo omangapo Wonder ndi nkhani yaikulu. Werengani mabwalo. Ikhale kutali ndi khoma lakunja moti trebuchet iyenera kulowa mumzinda kuti iifikire, komanso isakhale mʼmphepete mwa madzi. Poimanga ikanipo anthu ambiri nthawi imodzi, koma osachotsa onse kuminda ndi ku golide, chifukwa womanga aliyense wowonjezera amathandiza mochepa kuposa amene anabwera iye asanafike. Ikatha, omangawo asabalalike. Atsale pomwepo kuti azikonza ikalasidwa. Ndipo ku University gulani Murder Holes, apo ayi ma Castle ndi nsanja zanu sizilasa mdani amene wafika mʼtsinde mwake.

Ineyo ndimaona kuti kuchedwa kuiyamba nʼkolakwika kuposa kufulumira. Adani ndi ambiri, ndipo mphindi iliyonse akulemerera. Simukuyenera kugonjetsa aliyense, mungoyenera kupirira mpaka nthawi ya pa sikirini ithe.

Mwina mukudabwa kuti mbiri yake inatha bwanji. Acre, womwe lero ndi Akko kumpoto kwa Israel, unazingidwa kuyambira 1189, ndipo unagwa mʼmanja mwa ankhondo a mtanda mu Julaye 1191. Saladin mwiniwakeyo sanali mʼkati mwa mzindawo, anamanga misasa kunja, atazinga ozingawo. Ndiye mukapambana mwachita zimene zinamukanika.

Gawoli ndi lalitali, ndipo laputopu imatentha msanga ndi dzuwa lathuli. Iikeni pamalo olowa mphepo, osati pamatiresi. Muziseva pafupipafupi, makamaka musanayike maziko a Wonder komanso ikangotha, mʼmafayilo osiyana. Magetsi akathima, kapena mukapeza kuti munaimanga pamalo olakwika, mudzayambire pa fayilo yoyambayo.