Kaseti ija musagwire ndi manja anu, achemwali

Achemwali, mwalemba zoti akukuuzani kuti muzigwirira wodwala kaseti (chimbale chimene amaika kumbuyo kwa wodwala kuti chithunzi chigwerepo) pojambula X-ray ku wodi; zimenezo kanani. Ndawerenga mtima ukuwawa.

Ine zinandionekera ndili pa naiti, chipatala sinditchula, nonse mukudziwa mmene timagwirira muno mu Lilongwe. Anabweretsa bambo wa ngozi ya minibasi, nthiti zothyoka, akupuma mobanika, manja akuponya uku ndi uku. Ndinakankha mobile, makina a X-ray oyenda pamatayala, mpaka pabedi. Gadiyani anali atatuluka kukasaka mankhwala. Mkulu wa shifiti anangoti, "Gwirani kaseti inuyo, ine ndidina," iye n'kukoka chingwe kukaima kutali kukhomo. Epuloni yotchinga cheza cha X-ray ndinavala, koma inali ija amaipinda ngati chitenje m'kabati, ming'alu yake yochita kuimva ndi chala. Tinajambula katatu poti bambo aja sankakhazikika. Katatu, ine nditawerama pachifuwa pawo! Patatha milungu iwiri ndinazindikira kuti ndinali woyembekezera. Mwezi wathunthu tulo osabwera. Nditafunsa za baji yanga ya TLD, ija timavala yoyeza cheza chimene talandira, akuti sinapite n'komwe kukawerengedwa. Mkulu uja n'kumandiseka pamaso pa manesi, ati ndine wamantha. Mpaka lero moni wake ndimayankha ndi pakamwa pokha.

Chimene chimatipweteka ife ndi scatter, cheza chomwazika chochokera m'thupi la wodwala, ndiye ukagwira kaseti wadziika pagwero penipeni. Imani mamita 2 kapena kupitirira, chingwe chitambasuke chonse. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu yake imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Malire athu ndi 20 mSv (muyeso wa cheza chimene thupi lalandira) pachaka, koma mukangonena kuti muli ndi pakati, mwana asapitirire 1 mSv mpaka kubadwa. Nenani msanga, molemba, musadikire mimba ioneke. Baji akapanda kuiwerenga lembani mu lipoti, zikakanika kuli AERA, bungwe la boma loyang'anira za cheza, ntchito yawo ndi imeneyo. Wogwira akhale gadiyani wosayembekezera, mutamuveka epuloni.

Komabe musanjenjemere kwambiri, dozi ya cheza pojambula pachifuwa ndi yochepa, mwana wanga anabadwa bwinobwino, pano ali Sitandade 2. Ndipo kunena zoona, kukakhala kulibiretu wina, munthu akubanika pamaso panu, gwirani, nanenso ndingagwirebe. Bola epuloni ikhale yopachika, yopanda ming'alu, manja anu akhale kunja kwa kuwala kwa collimator, kuja kosonyeza malo amene cheza chigwere, ndipo mujambule kamodzi.