Kwa mayi amene mtsikana wawo wasankhidwa ku Bunda

Mayi, tikuthokoza nanu Mulungu kuti mtsikana wanu wasankhidwa. Si chinthu chapafupi. Mwafunsa ngati ndi bwino kumupezera malo mu hostelo ya pasukulu kapena kumuchitira lendi chipinda kunja, popeza ena akukuuzani kuti kunja n'kotsika mtengo komanso mwana amadziphikira zimene akufuna. Ine ndinaphunzira komweko zaka zinayi. Chaka choyamba ndinakhala kunja, zitatu zotsalazo mkati, ndiye mbali zonse ndinazilawa. Ndikuuzani mosabisa: kwa mwana wa chaka choyamba, makamaka wamkazi, limbanirani malo a mkati. Za kunja zibwere pokhapokha mkati mwakanika.

Musanachite china chilichonse, werenganinso kalata yake muone kampasi imene yalembedwa. LUANAR (Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources), yomwe Bunda ndi mbali yake, inayamba kugwira ntchito ngati yunivesite payokha mu 2012, ndipo inaphatikiza Bunda College, yomwe kale inali pansi pa University of Malawi, ndi Natural Resources College (NRC). Ndiye pali amene amaphunzira ku Bunda, pali a ku NRC kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, ndipo malo awiriwa ndi otalikirana kwambiri. Makolo ena amangomva kuti LUANAR, n'kuyamba kufunafuna chipinda kolakwika.

Ndaonanso wina akuti mwana azingochokera kwa achibale ku Area 36 kapena kwa Biwi. Bunda ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, njira ya ku Mitundu. Minibasi sinyamuka isanadzaze. Muwerengere ndalama ya thiransipoti kupita ndi kubwera tsiku lililonse, muonjezere kalasi ya m'mamawa ndi ntchito ya pagulu yomwe anzake amakumana madzulo. Mwana atopa semesita isanafike pakati.

Tsopano ndikuuzeni za chipinda changa cha chaka choyamba, chifukwa ndi pamene ndinaphunzirira zonse ndikunenazi. Tinapita kukachiona ndi malume anga Loweruka masana, nthawi ya dzuwa. Pansi panali popaka simenti, posesedwa bwino, pazenera katani yoyera. Eni nyumba anatilandira ndi ulemu, nati madzi ali pafupi, magetsi alipo, sukulu ndi apa pomwepa. Tinalipira miyezi itatu tsiku lomwelo.

Mvula itayamba, denga linayamba kudontha pamwamba penipeni pa bedi. Ndinkakoka matiresi kuika pakati pa chipinda, beseni pakona, mabuku pampando nditawakutira ndi jumbo. Madzi aja anali a pamjigo, ndipo kuti usachedwe kalasi umayenera kukaika ndowa pamzere kusanache. Mita ya magetsi inali imodzi pa zipinda zisanu ndi chimodzi. Mayunitsi akatha, mkangano: uyu ali ndi hotipuleti, uyu amasita tsiku lililonse, uyu sanasonkhe. Koma chimene sindidzaiwala ndi njira. Tsiku lija tinadutsa m'munda wopanda kanthu, sukulu ikuonekera patali. Pofika Febuluwale chimanga chinali chitandipitirira mutu mbali zonse ziwiri. Ndikachoka ku laibulale usiku ndinkayenda m'kanjira kameneko ndi tochi ya pafoni, mtima uli m'mwamba, tsamba likangoti tswa ndaima. Mapeto ake ndinasiya kupita ku laibulale madzulo, ndipo zotsatira za mayeso anga semesita imeneyo zinaonetsa.

Ndicho chifukwa ndikuti mkati. Sikuti hostelo ndi kumwamba ayi. Mumakhala anthu ambiri, mabafa ndi ogawana, phokoso limakhalapo makamaka Lachisanu, ndipo magetsi a ESCOM akazima amazimira aliyense. Koma kalasi, laibulale ndi chipatala cha pasukulu zili pafupi, alonda alipo, ndipo mwana akadwala malungo pakati pa usiku pali anzake omuthamangira. Chinanso chimene anthu sachiwerengera n'chakuti mwana watsopano amadziwa zinthu kudzera mwa anzake apakhonde: kalasi yasinthidwa nthawi, mapepala a mayeso akale ali ndi uje, fomu yakuti ikutsekedwa mawa. Wokhala kutali amamva zinthu zitadutsa kale.

Vuto ndi lakuti malo ogona m'mayunivesite a boma ndi ochepa poyerekeza ndi ophunzira, ndiye si onse amapeza. Chidziwitso chofunsira malo chikangotuluka, mwana alembe tsiku lomwelo, asadikire mawa. Ngati ali ndi ulumali kapena matenda monga mphumu, anene poyera pofunsira ndipo akhale ndi kalata ya kuchipatala. Ndipo chonde mayi, ndalama ya hostelo imalipiridwa kudzera njira imene sukulu yalemba m'kalata, n'kusunga lisiti. Nyengo ngati ino m'magulu a WhatsApp a ana atsopano mumalowa anthu onena kuti ali ndi bedi, tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba akusungireni. Musatumize ngakhale kwacha imodzi kwa munthu amene simunamuone, pa chipinda chimene simunalowemo. Mukakayika, imbani ku ofesi yoona za ophunzira pa manambala a m'kalata ija.

Zikakanika mkati, musataye mtima, ambiri amakhala kunja ndipo amamaliza bwinobwino. Kungoti pitani nokha, ndipo musachite ngati ife. Pitani chakumadzulo, muyende wapansi kuchokera pageti la sukulu mpaka pakhomopo, mukudzifunsa kuti njira imeneyi imaoneka bwanji usiku komanso nthawi ya dzinja. Yang'anani kudenga ngati malata ali ndi timabowo toonetsa kuwala, ndi m'makoma ngati muli mizere ya madzi. Gwedezani chitseko, muone ngati loko wake ndi wolimba ndiponso ngati chili ndi chotsekera mkati. Lowani m'chimbudzi ndi m'bafa, mufunse kuti amagwiritsa ntchito anthu angati, ndipo ngati anyamata ndi atsikana amagawana. Mukatha kulankhula ndi eni nyumba, mupatuke ndi mmodzi mwa ana okhala pomwepo mumufunse payekha za madzi ndi mayunitsi. Iyeyo ndi amene angakuuzeni zoona. Zimene mwagwirizana, lendi, dipoziti, amene azikonza zikawonongeka, ndiponso ngati azilipira nthawi ya holide, zilembedwe papepala ndipo onse asainire. Ine dipoziti yanga sinabwerere chifukwa tinangogwirizana pakamwa.

Za kutsika mtengo zija, werengerani zonse pamodzi. Pa lendi onjezani mayunitsi, makala, madzi, kabaza wa masiku amvula, komanso matiresi ndi ziwiya ngati chipinda chili chopanda kanthu. Nthawi zambiri kusiyana kumachepa kwambiri. Ngati mwana wafunsira ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndi bwino ndithu, koma mukhalebe ndi ndalama yapadera ya malo ogona ndi chakudya cha masabata oyamba, kuti asakayambe sukulu ndi ngongole kwa eni nyumba.

Kenako pali nkhani ya mesho, yemwe azigona naye chipinda chimodzi. Mkati kapena kunja, munthu ameneyu ndi amene angamupatse mtendere kapena kumusowetsa tulo. Mumuuze mtsikana wanu kuti sabata yoyamba yomweyo akhale pansi ndi mnzakeyo agwirizane: magetsi azizima nthawi yanji, alendo azifika mpaka liti, za kubwerekana zovala ndi mafuta odzola, kiyi azisiya kuti. Ana athu amachita manyazi kunena zimenezi, amangosunga mumtima mpaka zidzaphulike nthawi ya mayeso. Mesho wanga wa chaka chachiwiri anali wa ku Karonga, ndipo tsiku loyamba anandiuza kuti amadzuka 4 koloko kupemphera ndi kuwerenga, nandifunsa ngati kuwala kumandisokoneza. Tinagula kanyale kakang'ono ka sola, nkhani inathera pomwepo. Mpaka lero ana anga amamuitana kuti anti.

Pomulongedzera, musaiwale neti ya udzudzu, loko wa sutikesi, ndowa yokhala ndi chivindikiro, bulangete lolemera chifukwa Juni ndi Julayi kumazizira kumunsi kwa phiri la Bunda, ndi nsapato zotha kuponda matope, pakuti maphunziro ambiri a kumeneko amawatengera kumunda ndi kumakola. Tsiku lomuperekeza mutenge nambala ya mesho wakeyo, ndi ya mayi ake ngati n'kotheka.