Yankho kwa achimwene ofuna kupalasa njinga mpaka ku Nyanga pothandiza odwala khansa

Achimwene, funso lanu ndinaliona dzulo ndili m'kombi, koma ndinati nkhani ngati iyi njofunika kuikhalira pansi. Mwati inu ndi anzanu asanu a kutchalitchi mukufuna kupalasa njinga kuchokera ku Harare kuno mpaka kumapiri a ku Nyanga, kuti anthu asonkhe ndalama zothandizira odwala khansa pokumbukira mayi anu aang'ono amene anatisiya chaka chatha, ndiye mukufunsa ngati zingatheke komanso poyambira pake. Pepani kwambiri ndi malirowo. Kutheka n'kotheka. Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga ku Mbare, ndipo ulendo wonga umenewu ndinaupalasapo kamodzi, choncho ndiloleni ndiyambe ndi pamene ife tinapunthwa.

Tinalipo anthu 9. Anthu anasonkhadi ndi mtima wonse, ena madola awiri, ena asanu, agogo ena a ku Mufakose mpaka anagulitsa nkhuku. Koma ndalama zonse tinaziika m'thumba limodzi. M'thumba lomwelo tinatapamo za mafuta a galimoto yotiperekeza, za malo ogona, za chakudya, ndi za masikipa olembedwa mawu okongola kumsana. Titabwerako n'kuwerenga zotsala, aliyense anangoyang'ana pansi. Palibe anaba ngakhale senti, koma tinadya ndalama za odwala ndi miyendo yathu. Agogo aja atandifunsa kuti nkhuku yawo inathandiza ndani, ndinasowa pogwira.

Ndiye musanagule ngakhale chubu, gwirizanani kuti matumba akhale awiri. La ulendo mudzaze nokha opalasanu, kapena mupemphe wamalonda wina akugulireni mafuta ndi kukubwerekani galimoto, dzina la shopu yake mulilembe pa sikipa. La odwala lisakhudzidwe ndi munthu. Ndipo ndalama zambiri zilonjezedwe musananyamuke. M'njira simutola kanthu, anthu a m'mbali mwa msewu amangokuimbirani m'manja. Njira imene ndinaona kuti imakoka anthu ndi yoti munthu alonjeze pa kilomita iliyonse imene mwapalasa, chifukwa akatero amakutsatirani tsiku ndi tsiku pa WhatsApp ngati mpira.

Funso lachiwiri limene simunafunse koma ndi lalikulu kuposa mapiriwo: ndalamazo zikupita kwa ndani, kukachita chiyani? Kungoti "zothandizira odwala khansa" ndi mawu otakata kwambiri, ndalama zimasowera m'menemo. Amene munadwazikapo mukudziwa mmene matendawa amadyera chuma. M'zipatala za boma, makina owotcha khansa ali ku Parirenyatwa kuno ndi ku Mpilo ku Bulawayo basi. Chithandizo chimenecho sichitha tsiku limodzi, munthu amapita pafupifupi tsiku lililonse la ntchito kwa milungu ingapo. Tsono ganizirani mayi wochokera ku Chipinge, kapena wathu wa pafamu ku Mazowe amene alibe m'bale m'tauni muno. Afunika ya basi, iye ndi womudwazika. Afunika pogona, afunika kudya, afunika ya kupimitsa kachidutswa ka chotupa, ya sikani, ya magazi, kenaka mankhwala a kemo ndi opha ululu. Alipo amene amasiyira chithandizo panjira osati chifukwa dokotala wawalephera, koma ya thiransipoti yatha. Anyamata 6 a njinga simungagule makina a chipatala. Koma ya basi ndi pogona pa odwala angapo mungathe, ndipo mukauza anthu momveka chotero, dzanja limapita m'thumba msanga.

Ine ndikadakhala inu sindikadayambitsa bungwe latsopano. Kutolera ndalama kwa anthu m'dzina la chithandizo kuli ndi lamulo lake m'dziko muno, la Private Voluntary Organisations Act, ndipo simufuna kukathera kufotokoza pa polisi chifukwa cha mtima wabwino. Pitani kwa amene ali kale pantchitoyi. Kuli Cancer Association of Zimbabwe mu Harare momwemu. Kuli KidzCan imene imayang'ana ana odwala khansa. Kuli Island Hospice, imene inayamba mu 1979 ndipo ndi yoyamba ya mtundu wake mu Africa muno, yosamalira amene matenda afika poti sangachirenso kuti asamwalire akubuula ndi ululu. Sankhani limodzi, mukakhale nawo pansi, akupatseni kalata, ndipo osonkha atumize molunjika ku akaunti yawo. Za EcoCash, kutumiza ndalama pa foni, pa nambala ya mmodzi wa inu musayese. Ngakhale akhale mkulu wa mpingo wokhulupirika bwanji, padzapezeka wina wonong'ona, ndipo ubale umatha ndi zimenezo.

Tsopano za msewu. Kuchokera kuno kukafika ku Marondera ndi makilomita 70 ndi pang'ono, ku Rusape ndi pafupifupi 170. Msewu wa ku Mutare umenewu sindiukonda pa njinga. Ndi umene mumadutsa malole akuluakulu opita ku chipata cha Forbes pa malire ndi Mozambique ndi ku Beira, ndipo mphepo ya lole yokhayo imatha kukukankhira kutchire. Ngati simukukakamira zoti anthu akuoneni mukunyamukira mu Harare, kwezani njinga pa galimoto mukayambire ku Rusape. Kuchokera pamenepo kudzera ku Juliasdale mpaka ku Nyanga ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo mbali yaikulu ndi chitunda. Tsiku limenelo lidzakuuzani amene anakonzekera ndi amene ankangolankhula m'gulu muno. Tsiku lotsatira mutha kukwera ku Troutbeck ndi ku World's View, kumene mwadutsa mamita 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Harare ili pa mamita pafupifupi 1,500, ndiye mapapo anu anazolowerako pang'ono, koma mudzamvabe kuti mpweya wapepuka. Phiri la Nyangani, lalitali koposa onse m'dziko muno pa mamita 2,592, silikwereka pa njinga. Msewu umathera m'munsi, kotsalako n'kwa miyendo, ndipo eni dera amalilemekeza kwambiri phirilo. Chifunga chimagwa mwadzidzidzi ndipo anthu anasowapo kumeneko. Musakapite nokha ngati anyamata odziwa zonse, komanso kumbukirani kuti phirilo lili m'paki ya Nyanga ndipo kulowamo n'kolipira.

Mukafuna kumalizira bwino, tsikirani ku Mutare kudzera pa Christmas Pass, ndipo otsala ndi mphamvu akwere ku Vumba, makilomita 30 kapena kuposerako pang'ono.

Chimene chimavulaza anthu si chitunda ayi, ndi mtsetse. Pa chitunda ukatopa umatsika n'kukankha njinga, manyazi okha basi, paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Koma pa mtsetse wautali munthu amagwira mabuleki osasiya, limu imatentha, labala imatha, ndipo pofika pa kona njinga sikumveranso. Kumeneko kulinso malole onyamula mitengo ya paini. Gwirani n'kusiya, gwirani n'kusiya, mabuleki onse awiri, ndipo musaunjikane ngati nkhosa. Chipewa cholimba aliyense avale, wokana atsale. Njinga isakhale yodula, koma ikhale ya magiya. Zija zakuda zolemera zimene ankakwera madala athu popita ku mafakitale a ku Southerton n'zolimba ndithu, koma pa Juliasdale zidzakuliritsani. Nyamulani machubu, pampu, zomatira, tcheni chapadera, mawaya a mabuleki, ndi munthu mmodzi wodziwa kumanga sipoko.

Nyengo yake sankhani April kapena May mvula itangotha, apo ayi kumapeto kwa August ndi September. June ndi July ku Nyanga kumagwa chisanu choti zala zimakanika kugwira buleki m'mawa. Ndikudziwa kuti October ndi mwezi wokumbutsana za khansa ya m'mawere ndipo ungakukopeni, koma dzuwa lake pakati pa Rusape ndi mapiri si lamasewera. Kukonzekera kukhale kwa miyezi itatu, Loweruka lililonse, msewu wa ku Domboshava kapena wa ku Mazowe, mukuwonjezera mtunda pang'onopang'ono. Apolisi adziwitseni ndi kalata nthawi ikadalipo, ndipo wina wa zachipatala akhale m'galimoto.

Pali china chimene ife sitinachite ndipo chimandiwawabe. Paliponse pamene tinaima anthu ankatizungulira kufunsa kuti tikupalasiranji, ife n'kumangoti "khansa, khansa" basi. Tikadakhala ndi namwino akadawauza amayi kuti khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutenga amayi ambiri kuposa ina iliyonse kuno, imaoneka msanga ndi kupima kuja amati VIAC, ndipo ikapezeka isanakhwime imachizika. Akadawauza za katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa imeneyi, amene atsikana anayamba kulandira m'dziko lonse mu 2018. Akadatiuzanso ife abambo za khansa ya prostate, kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo, poti tikafika zaka 50 timabisa vuto la mkodzo ngati ngongole. Ndipo tinene zoona pakati pathu: angati mwa abale athu anataya miyezi akuti awalodza, n'kufika kuchipatala mochedwa? Mlongo wanga anali mmodzi wa iwo. Choncho bungwe limene musankhelo mulipemphe munthu kapena timapepala ta m'Chishona togawa m'njira.

Za thumba la ulendo, yambani ndi kwathu komwe. Masosaite athu a maliro ndi mipingo ngati ya CCAP Harare Synod ili ndi anthu odziwa kusonkha ndi kulemba m'buku mwadongosolo kuyambira kalekale, apempheni mlembi mmodzi wosapalasa nawo kuti asunge kaundula.

Mukagwirizana tsiku, bweretsani njinga zonse 6 Loweruka lina m'mawa ndidzazione mabuleki ndi magiya, sindidzakulipiritsani. Mundilembere ku inbox ndikulozereni pamene ndimakhala. Galimoto yoperekeza muli nayo kale, kapena tifunse m'gulu momwemu?