Funsani za zoyimbira zakale: Optigan, limba loyimba ndi kuwala

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani ya Optigan, nde tayamba ndi imeneyo, koma kumapetoko kulinso funso la Casio lomwe sitikanatha kulisiya.

FUNSO: Akulu, ndinaona kavidiyo pa YouTube munthu akulowetsa chimbale choonekera mu kiyibodi yabulauni, kudina batani limodzi basi bandi yonse kuyamba, ng'oma, gitala, besi, koma mawu ake ngati wayilesi ya agogo mabatire akamatha. Akuti ndi Optigan. Chimenechi ndi chani, nanga phokoso lija nkuwonongeka kapena? Ndine wojambula nyimbo ku Ndirande.

YANKHO: Achimwene, sichinawonongeke, chinabadwa choncho. Optigan inatuluka mu 1971 ku America ndipo eni ake anali a Mattel, kampani ya zidole ija yopanga Barbie ndi timagalimoto ta Hot Wheels, fakitale yake inali ku Compton, California. Nde muone, sanapangire oyimba a pa siteji ayi, anapangira mabanja kuti iziyima pa balaza, bambo kaya mwana osadziwa kanthu za nyimbo adine batani amve ngati akutha.

Mkati mwake mulibe tepi, mulibenso singano. Chimbale chija nchachikulu mainchesi 12 koma nchopyapyala komanso choonekera, mukachikweza padzuwa mumaona timizere 57 tozungulira, kalikonse kali ndi mafunde akeake, pena ponenepa pena powonda. Timizereto ndiwo mawuwo. Oyimba enieni anakhala mu situdiyo nkuyimba, mawu awo nkuwasandutsa chithunzi, njira yomwe ija ankayikira mawu m'mphepete mwa filimu ya kanema wakale. Chimbale chikamazungulira kababu kamawala mbali imodzi, kuwalako kumadutsa m'timizere nkukagwera pa timaso tamagetsi tomwe tili mbali inayo, kuwala kukamachuluka nkumachepa magetsi nawonso amatero, sipika nkumalira. Pa timizere 57 tija, 37 ndi ta makiyi 37 a dzanja lamanja, 15 ndi ta makodi (manotsi angapo olira pamodzi) a mabatani a kumanzere, 5 totsalato ndi ta ng'oma ndi tina tokometsera.

Phokoso mukunenalo likuchokera pomwepo. Kafumbi kakatera pa chimbale kamatchinga kuwala nde mumakamva kakuti thethethe ulendo uliwonse chimbale chikazungulira, pokandika nchimodzimodzi. Timizere tili pafupi kwambiri moti kuwala kumatayikira kwa kamzere koyandikana nako, mukudina kiyi imodzi koma chapansipansi mukumva ena akuyimba nawo. Kuphatikiza apo liwiro la chimbale silikhazikika bwinobwino, mawu amagwedera. Ine ndimachikonda chifukwa cha zimenezi, pansi pa fumbi lonselo mukumva manja a munthu pa gitala, mpweya wa munthu mu lipenga, mphindi yochepa chabe imene ikubwerera osatha. Mellotron, kiyibodi ina yakale ya ku England, inkagwiritsa ntchito matepi ndipo mukagwira kiyi masekondi ngati 8 mawu amatha, koma apa kamzere nkozungulira, kalibe pothera, mutha kugwira mpaka chala kutopa.

Pa malonda sizinayende bwino. Mattel inazisiya mu 1973, kampani ya Miner Industries nkupitiriza pansi pa dzina loti Opsonar mpaka 1976 basi. Anthu anadzayamba kuyifunanso pambuyo pake oyimba ngati Steve Hackett, Tom Waits ndi a Blur atayika mawu ake m'nyimbo zawo, amafuna phokoso lomwelo limene ogula oyamba ankadandaula nalo.

FUNSO: Ndimakhala ku South Bend, Indiana. Aneba athu akusamuka ndipo akugulitsa Optigan motchipa, yokongola yokhala ndi kampando kake. Kwaya ya kwathu ku Ntcheu ilibe limba, ndiyigule ndiyike mu kontena?

YANKHO: Mayi, mtima wanuwo ndi wabwino zedi koma kwayayo musayitumizire chimenechi, muwavutitsa. Choyamba, pa Optigan liwiro la nyimbo ndi kukwera kwa mawu nzomangirirana chifukwa zonse zikudalira mmene chimbale chikuzungulirira. Otsogolera kwaya akati tiyeni tiyifulumizitse pang'ono, woyimba limba akangopotoza kagudumu ka liwiro kiyi yonse yakwera, masopulano ayamba kukuwa. Akati tiyikoke pang'onopang'ono ngati ya pamaliro, kiyi yatsika, mabesi asowa popondera. Palibe njira yosiyanitsira ziwirizi.

Chachiwiri ndi makodi. Mabatani a kumanzere alipo 21, major, minor ndi diminished pa B-flat, F, C, G, D, A ndi E, koma timizere take ndi 15 tokha paja, nde mabatani ena amabwerekana. A major ndi E major alibe timizere tawotawo, mukawadina chimene chimalira ndi diminished, ndipo khutu la munthu wa kwaya limva pompo kuti apa pakhota. Nyimbo ya mu A-flat kapena E-flat ndiye iwalani kumene, mabatani ake kulibe. Komanso biti simusankha inu, imabwera ndi chimbale, ngati muli ndi Latin Fever ndi Nashville Country basi ndiye kuti tchalitchi chonse chiziyimba Latin ndi country.

Kenako magetsi, za ku America ndi za 120V pomwe kumudzi ndi 230V, popanda thiransifoma chipsa tsiku loyamba. Bokosi lake ndi pulasitiki yolemera imene yatha zaka zoposa 50, paulendo wa panyanja ndi mabampu a mumsewu ikhoza kusweka, ndipo chikafa okonza mawayilesi pa Ntcheu sapeza zipangizo zake. Ndalama yomweyo gulani Yamaha PSR kapena Casio yogwiritsidwapo kale ntchito, yokhala ndi transpose (batani lokwezera kapena kutsitsira kiyi osasintha liwiro), yotha kuyendera mabatire magetsi akazima, kwaya idzakudalitsani.

Koma ngati panyumba panu pali malo, ine ndikanati igulenibe ikhale yanu, bola muyiyese kaye. Funsani zimbale, popanda chimbale Optigan siyitulutsa mawu ngakhale amodzi, ndipo anthu ambiri amagulitsa limba zimbale zitasowa kalekale. Muyatse muone ngati kababu kamkati kakuwala. Lowetsani chimbale mumvetsere ngati chikuzungulira mosadukiza, chifukwa kagudumu ka labala kamene kamachiyendetsa kamauma ndi ukalamba nkumaterereka, limenelo ndiye vuto lofala. Dinani makiyi onse 37 mmodzimmodzi osathamanga. Kulira kwa fumbi musaope, koma kiyi yongoti zii muyilembe mukatsitsire mtengo.

FUNSO: Kodi alipobe anthu amene akusamala za chida chimenechi, zimbale zatsopano zimapezeka? Ife tili ku Johannesburg, kuona ndi maso sitinachionepo.

YANKHO: Alipo bambo, ochepa koma olimbikira. Amene wagwira ntchito yaikulu ndi Pea Hix wa ku San Diego, iyeyu pamodzi ndi Rob Crow anayambitsa bandi yotchedwa Optiganally Yours m'zaka za m'ma 1990, nyimbo zake zomangidwa pa Optigan yeniyeni. Anafufuza mbiri yake, napeza matepi oyambirira a mu situdiyo amene zimbale zija zinachokerako, kenako mothandizana ndi injiniya Robert Becker anayamba kupanga zimbale zatsopano zoti zilowe m'makina akale omwewo, zina za mawu atsopano zina zobwezeretsa zakale zimene zinasowa. Kwa ine imeneyi ndiye nkhani yaikulu, chida choti fakitale inatseka mu 1976 nkumalandirabe nyimbo zatsopano.

Becker yemweyo anapanganso makina atsopano otchedwa Panoptigon, a kampani ya Quilter Labs. Alibe makiyi, mumalumikiza kiyibodi yanu pa MIDI, waya wolumikizira zoyimbira zamagetsi, iwo nkumawerenga zimbale ndi kuwala monga kale, za Optigan komanso za abale ake awiri, Chilton Talentmaker ndi Vako Orchestron. Orchestron ndi imene David Van Koevering anakonza cha m'ma 1975 kuti ikhale ya oyimba a pa siteji, yopanda mabatani a bandi aja, ndipo mawu a kwaya ozizira amene mumamva m'nyimbo za nthawi imeneyo za Kraftwerk, bandi ya ku Germany, ndi ake. Panoptigon ndi yodula, si ya aliyense. Njira yapafupi kwa inu ndi apu ya iOptigan imene Hix anapanga ndi Stefan Stenzel wa ku Germany, ili pa iPhone ndi iPad, mumasankha chimbale pa sikirini nkumadina mabatani omwe aja. Ngati mumajambulira pa kompyuta, masampulo a zimbale zimenezi amagulitsidwanso, mumangowaponya mu pulogalamu yanu.

FUNSO: Mnzanga akuti ukalowetsa chimbale chozondotsa nyimbo imabwerera chammbuyo, zoona? Wophunzira, Zomba.

YANKHO: Zoona aise. Chimbale nchoonekera mbali zonse nde kuwala kumadutsabe, kungoti mafunde aja akufika pa timaso moyambira kumapeto, ng'oma imakhala ngati ikumeza mawu m'malo momenya. Ena amasanjikiza zimbale ziwiri nthawi imodzi zonse nkumamvekera limodzi, koma ameneyo ndi masewera ofuna dzanja lofewa, zikakandana sizibwerera.

FUNSO: Ife za Optigan ndi maloto, koma ndinatola ka Casio kakang'ono pa kaunjika ku Lilongwe, kalembedwa Casiotone MT-40, mopita mabatire muli zoyerayera ngati mchere ndipo sikakuyaka. Nditaye?

YANKHO: Musataye chonde, mwatola chinthu cha mbiri. MT-40 inatuluka mu 1981, ndipo mabiti ake anakonza ndi Okuda Hiroko, mtsikana wa ku Japan amene anali atangoyamba kumene ntchito ku Casio mu 1980, wokonda reggae kwabasi. Biti imodzi anayilemba kuti rock, ili ndi kabesi kake kothamanga. Kakiyibodi kotere kanafika m'manja mwa Noel Davey ku Kingston, Jamaica, iye ndi woyimba Wayne Smith anatengera biti ija kwa wojambula nyimbo King Jammy ku Waterhouse, dera la mumzinda womwewo, Jammy nkuyichepetsa liwiro, mu 1985 kunatuluka nyimbo ya Under Mi Sleng Teng. Kuchokera pamenepo reggae ya ku Jamaica inalowa m'nyengo ya makina, oyimba mazanamazana ayimbirapo nyimbo zawo pa biti imeneyo, ndipo dancehall imene achinyamata athu akuyimba lero muzu wake wina uli m'kabokosi kali m'nyumba mwanuko.

Zoyerazo ndi mabatire amene anatayikira mkati. Chotsani akalewo, osagwira ndi manja kenako nkutikita m'maso. Tengani kathonje konyowetsa ndi viniga pang'ono mupukute tizitsulo togunda mabatire, muona zikuchita thovu, mukatero pukutaninso ndi sipiriti, siyani ziume tsiku lonse. Pomwe pachita dzimbiri palani pang'ono ndi sandipepa yosalala mpaka chitsulo chiwale. Yesani ndi mabatire atsopano kaye musanaganize za adaputa, ndipo apa ndikuchenjezeni kwambiri chifukwa timakiyibodi tambiri tafera pamenepa. Ma Casio ambiri akale amafuna adaputa imene pakati pa pulagi pali minus, pomwe ma adaputa ambiri a pamsika pakati pali plus, pulagi imalowa bwinobwino koma magetsi alowa chozondoka. Yang'anani kachithunzi kali pafupi ndi polowetsa adaputa, mavoti ndi chizindikiro zifanane ndendende, ngati simukumvetsa pitani nako kwa okonza mawayilesi ayeze ndi mita.

Kakayaka, kankhirani kosankhira biti pa rock, dinani synchro, kenako dinani D pa timakiyi ta besi ta kumanzere, Sleng Teng iyamba yokha. Tsitsani tempo pang'ono, ndipo pojambula musayike maikolofoni pa kasipika kake, tengani waya kuchokera kotulukira mawu mulowetse mu mikisa kuti besi ija imveke kulemera kwake.