Mafunso ndi Mayankho: Kodi munthu angaphunzitse mbalame njira ya ulendo?

FUNSO: Ndinamva kuti ku Ulaya kuli anthu olera mbalame pamanja, kenako n'kuzitsogolera ndi kandege mpaka kudziko lina. Kodi mbalame siibadwa ikudziwa kale kopita? (Wowerenga wa ku Zomba)

YANKHO: Munamva zoona, bambo. Mbalame yake ndi northern bald ibis, imene ku Austria ndi Germany amati Waldrapp: yakuda, yadazi, ya mlomo wofiira wokhota. Inatha ku Ulaya zaka pafupifupi 400 zapitazo, makamaka chifukwa cha ulenje. Mwanapiye wake amabadwa ndi chilakolako chosamuka kuzizira kukayandikira, koma njira amaphunzira potsatira zikuluzikulu. Zikuluzo zitatha, njira inatayikira pomwepo. Gulu la Waldrappteam, lotsogoleredwa ndi Johannes Fritz wa ku Austria, ndilo likuibwezeretsa.

Mutu wa ntchito yonse uli pa masiku oyambirira. Anapiye amatengedwa m'zisa kumalo osungirako nyama, monga ku Rosegg ku Austria, asanakwanitse masiku 10, pamene amatenga aliyense wowadyetsa ngati kholo. Mukachedwa, mwanapiye sadzakutsatirani. Olera amakhala awiri basi, ovala malaya achikasu tsiku lililonse, ndipo anthu ena sayandikira, kuopa kuti mbalame zingazolowere munthu aliyense, mlenje yemwe. Chakudya ndi mtima wa ng'ombe ndi mbewa zogayagaya, mphutsi ndi nkhululu, kangapo patsiku. Olerawo amaswera nazo, kuzisisita ndi kuziitana ndi mawu amodzimodzi.

Nthenga zikakhwima, pa masabata 6 kapena 7, maphunziro amayamba pang'onopang'ono. Choyamba zizolowere phokoso la injini. Kenako zimatsatira kandege kakuyenda pansi, kenako maulendo aafupi amene amatalikitsidwa sabata ndi sabata. Kandegeko n'kopepuka, kolendewera ku parachute yachikasu, ndipo kamatha kuuluka mwapang'onopang'ono, makilomita pafupifupi 40 pa ola, liwiro la mbalamezo. Wolera amakhala kumbuyo kwa woyendetsa, akukodola ndi kuitana pa chimkuzamawu. Mbalame sizitsatira makinawo, zimatsatira mayi wawo. Ulendo umayamba mu Ogasiti, ndipo pamakhala masiku opuma.

Ulendo umodzi ndi wokwanira. Zikakula, patapita zaka ngati zitatu, zimabwerera zokha kukaswa, kenako n'kutsogolera ana awo. Yoyamba kubwerera yokha kuchokera ku Orbetello, m'chigawo cha Tuscany ku Italy, kumene kandege kanaziperekeza kukakhala nthawi yozizira, inafika ku Burghausen, ku Germany, mu 2011.

FUNSO: Nanga chimalakwika n'chiyani? (Mphunzitsi wa ku Chipata)

YANKHO: Zambiri, aphunzitsi. Tsiku lina gulu lonse limangotembenuka n'kubwerera pomwe linanyamukira, ndipo mumayambiranso mawa. Zikamasulidwa, zambiri zimafa ndi magetsi zikatera pa mapolo osatetezedwa, zina zimawomberedwa ndi alenje ophwanya malamulo ku Italy. Imfa yotereyi imawawa, chifukwa mbalame imodzi yodziwa njira ndiyo mphunzitsi wa ana ake onse.

Vuto latsopano ndi nyengo. Popeza kuzizira kukuchedwa kufika, mbalame zikunyamuka mochedwa, pamene mpweya wofunda wokwera m'mwamba, umene zimadalira podutsa mapiri a Alps, wafooka. Zimakanika kuwoloka. N'chifukwa chake mu 2023 gululi linayamba kutsogolera anapiye ku Andalusia, kumwera kwa Spain, mtunda wopitirira makilomita 2,000, njira yolambalala mapiriwo.

Njirayi siyenera mbalame iliyonse. Ku America, bungwe la Operation Migration linatsogolera mbalame za whooping crane kuchokera ku Wisconsin kupita ku Florida kuyambira 2001, olera atabisala m'zovala zoyera osalankhula. Njira zinaidziwa bwino, koma zinkalephera kulera anapiye awo kutchire, ndipo boma linaimitsa maulendo a kandege mu 2016.