Za chiliza cha azakhali, yankho kwa msuweni wanga

Halo... ikujambula kodi? Eya. Iwe mkazi wanga, funso lako ndaliona usiku womwe uja, koma zala zangazi ndi foni sizimvana, bola ndingolankhula. Wafunsa kuti pa chiliza cha azakhali, mayi ako aja, tilembepo ntchito yawo ya m'boma ija, ya usosholo, kapena za mpingo, za Legio ya Maria ndi Amayi Akatolika. Kenako kumapeto wati, popeza anali mayi wa aliyense. Mmm. Kamawu komalizako. Ine ndi iwe tinadyera mbale imodzi, usandinamize, sukufunsa za simenti iwe.

Koma dikira, ndiyambe ndi amalume ako, bambo aang'ono anga aja. Nkhani ya jekete unaimva? Unaimva yopotoka, ya kwa iwo eni. Paja pobwera ku Joni anabwera ndi suti yakuda, imodzi yokhayo, yosungidwa m'sutikesi ndi timankhwala ta njenjete. Ukwati wa ine sanaivale, akuti ukwati wa mwana wa dzulodzulo. Ankadikira Papa. Inali 88... ayi, 1989, mwezi wa Meyi, pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anabwera kuno. Iwo anali atalembetsa kale pa lole ya parishi yopita ku Blantyre, nsapato atapolisha sabata yathunthu.

Ndiye nthawi imeneyo ukudziwa mmene kunalili kwathu ku Ntcheu. Anthu othawa nkhondo ku Mozambique anali mbwee, kungodumpha msewu pa Lizulu basi wafika m'Malawi. Dziko lonse anafika pafupifupi miliyoni. Azakhali tsiku lililonse panjinga, kulemba ana amene asiyana ndi makolo pothawa. Kutatsala masiku ochepa kuti lole inyamuke, kunamwalira mkulu wina wa ku Angonia, wopanda m'bale, malaya ake ali nsanza zokhazokha. Anthu akuti tingomukulunga m'mphasa. Azakhali phee, analowa m'nyumba ya mchimwene wawo, eni ake ali ku dimba, natulutsa jekete. Jekete lokha, thalauzi anasiya. Chifundo chawo chinali ndi malire, hehe.

Amalume ako atatsegula sutikesi! Mudzi wonse unamva. Akuti ine ndinalowa pansi pa nthaka zaka zonse zija kuti jekete langa lidzalowenso pansi popanda ine? Azakhali anangoti, achimwene, Papa ali ndi majekete ake, sakayang'ana lanu. Anapitabe, thalauzi la suti ndi juzi ya sukulu yobwereka kwa aphunzitsi. Mpaka kumwalira kwawo akaledzera ankati ku Lizulu kuli munthu wagona ndi katundu wanga. Koma taona, pa 2 Novembala, tsiku la mizimu ya omwalira, amene ankakalambula manda aja ndani? Iwo omwewo. Akuti ndikukaona jekete.

Aaa, ndimati chiyani... eya.

Ndikudziwa zimene zinkakuwawa. Iwe kubwera ku sukulu n'kupeza pa mphasa yako pagona mwana wachilendo. Bulangete lako lija la mizere. Matenda aja atavuta m'ma 90, ma ARV aulere asanabwere, paja anayamba 2004, iwo ndi amayi a mphakati anali khomo ndi khomo, kusambitsa odwala amene abale awo enieni ankawaopa, kuphika phala la Likuni, kolona m'thumba. Njala ya 2002 nkhokwe yanu inatha isanafike Khrisimasi, ndipo si inu munadya. Tsiku lolandira ukalistiya wako woyamba anafika Misa itatha. Ndinaliko, ndinakuona. Sindikuti zinali bwino ayi, ngakhale bambo ako malemu ankadandaula, ndipo anali ndi chifukwa.

Koma pali chimene sunaone. Titakusa katundu wawo pambuyo pa maliro, iwe unakana kulowa m'chipinda muja, ukukumbuka? Ine ndi alongo ako tinapeza makope, aja a chikuto chofiira, ambirimbiri atamangidwa ndi mphira. Mwezi uliwonse akalandira malipiro ankalemba mndandanda wa ana owalipirira fizi. Kumbuka 1994 isanafike ngakhale pulayimale inali yolipira. Mayina ena ankasintha, uyu wamaliza, uyu wabwerera kwawo nkhondo itatha. Koma mzere woyamba, tsamba lililonse, dzina lako. Osati... iyayi, ndisaname, tsamba limodzi pamwamba panali mankhwala a agogo. Limodzi lokha. Ena onsewo ankagawana zotsala iwe utachotseredwa kale.

Ndiye ukamati mayi wa aliyense, ine ndikuti ayi, anayamba ndi iwe. Anthu enawo anadya zotsalira zako, mkazi wanga, kungoti mayi ako pakamwa panali pouma, zonena kuti mwana wanga ndimakukonda sanaphunzire ku koleji ya usosholo ya Magomero kuja. Anaphunzira kulemba malipoti.

Za chilizazo lembani zonse ziwiri ngati malo alipo, wosema uja amawerenga chilembo chilichonse ndalama, ndiye mufunse kaye mtengo. Bambo mfumu tiwauze msanga za Misa, asadzatiuze kuti tsikulo ali ku nthambi.

Makope aja ali kwa ine, mu sutikesi yomweyo ya amalume ako, tangoganiza. Ndidzabwera nawo. Udzatsegule wekha tsamba lililonse limene ungafune, udzaone amene ali pamwamba. Ndipo usalire pagulu pano, ana akumvetsera. Undiimbire pandekha. Komanso ya simenti sunatumize iwe, ndaona mndandanda wa alongo ako, kumeneko ndiye dzina lako lili pansi penipeni.