Tifunseni: Chipale, udzudzu ndi nsomba m'mapiri a Sierra Nevada

Makalata a mwezi uno akhudza maulendo apansi a masiku angapo m'mapiri aatali a Sierra Nevada ku California, m'dziko la America, kumene munthu amabereka yekha tenti, zofunda ndi chakudya. Kumeneko nyengo yotentha ndi Juni mpaka Ogasiti.

Funso: Akonzi, ndapeza chilolezo choyenda chigawo china cha njira ya John Muir Trail kumayambiriro kwa Julayi. Anzanga akuti ndigule nkhwangwa ya pachipale. Chipale chofewa nthawi yotentha, zoona zimenezi kapena akungondiopseza?

Yankho: Sakukuopsezani, bambo. Koma musafunse mwezi, funsani kuti chaka chimenecho chipale chagwa chochuluka bwanji. Nthambi ya boma la California yoona za madzi imayeza chipale cha m'mapiriwa ndi kulengeza zotsatira chakumayambiriro kwa Epulo, pamene chimakhala chitaunjikana kotheratu. Mu 2015 anapeza 5 peresenti yokha ya mlingo wa zaka zonse. Mu 2023 anapeza choposa kawiri mlingowo, moti msewu wa Tioga, umene umakwera kufika pa mamita 3,031 podutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Yosemite, unatsegulidwa pa 22 Julayi. Chaka chouma, mipata yambiri ya mapiri imakhala itayera miyala pofika pakati pa Juni. Chaka cha chipale chambiri, mpata wa Forester Pass, womwe uli pa mamita 4,009, mukhoza kuupeza uli mbee ngakhale mu Ogasiti.

Chachiwiri ndi kumene phiri lapenya. Kumeneko dzuwa limadutsa chakummwera, choncho mbali yakumpoto imakhala mumthunzi nthawi yaitali ndipo imasunga chipale. Mutha kukwera pa miyala youma gwaa, mutuluke pamwamba n'kupeza kutsidyako kuli chitsetse choyera chokhachokha.

Nkhani yaikulu ndi ola limene mwapondapo. Usiku chipale chimaundana, ndipo m'bandakucha chimalimba ngati simenti: nsapato siluma, mukaterereka simuima msanga. Dzuwa likachiwomba maola awiri kapena atatu, pamwamba pake pamafewa pang'ono pomwe pansi pakadali polimba. Nthawi yabwino ndi imeneyo. Masana chimasanduka phala, mwendo umatitimira mpaka m'ntchafu, ndipo pafupi ndi miyala ikuluikulu mpamene pali ngozi, chifukwa mwala umatentha n'kusungunula chipale mwakabisira, kusiya dzenje lophimbika limene limathyola akakolo. Tsono gonani patsinde pa mpata, nyamukani cha m'ma 5 koloko m'mawa, ndipo ikamakwana 10 kapena 11 mukhale mukutsika mbali ina. Zimenezi zimakupulumutsaninso ku mphezi, pakuti mitambo ya mabingu imakonda kusonkhana masana mu Julayi ndi Ogasiti.

Mudzakumananso ndi timaenje tonga mabeseni timene dzuwa limakumba pa chipale, tina takuya mpaka m'bondo. Sitiopsa koma timatopetsa zedi. Pamalo otere dulani pakati makilomita amene mumayenda pa tsiku, ndipo onjezani chakudya cha tsiku limodzi.

Za zida: timaunyolo ta mano achitsulo tovala kunsi kwa nsapato, totchedwa microspikes, timakwanira pamene anthu apondaponda kale. Nkhwangwayo igulani ngati chaka chili cha chipale chambiri, koma muiphunzire kaye pa kachitsetse kosaopsa, kopanda miyala kumunsi. Imagwiridwa ndi dzanja la mbali yakumtunda, osati kuipachika pachikwama. Musaiwale magalasi a dzuwa, chifukwa kunyezimira kwa chipale kumawotcha maso, ndipo ululu wake umadzamveka usiku ngati mwalowa mchenga. Mafuta oteteza ku dzuwa pakani mpaka kunsi kwa mphuno ndi kwa chibwano, popeza kuwala kumachokeranso pansi. Njira ikakwiririka, dalirani mapu a GPS a m'foni pamodzi ndi mapu apepala ndi kampasi. Mapazi a mnzanu atha kukhala a munthu amene anasochera. Mukamva madzi akulira kunsi kwa chipale, lambalalani. Ndipo mukaona chipale chofiirira, imeneyo ndi ndere, musachidye.

Funso: Nanga mitsinje? Pamapu ikuoneka ing'onoing'ono.

Yankho: Kwa ife, mitsinje ndiyo yoopsa kuposa chipale chenichenicho. Mu 2017, chaka china cha chipale chambiri, anthu awiri oyenda njira ya Pacific Crest Trail anakokoloka m'mitsinje ya m'mapiri omwewa.

Madzi ake ndi chipale chosungunuka, choncho amatsatira dzuwa: amadzaza chakumadzulo, amaphwa pang'ono m'mamawa. Mukafika padooko 4 koloko masana n'kupeza madzi akuwinduka, khomani tenti, muwoloke mawa. Musaumirire pamene njira yathera. Yendani m'mbali mwa mtsinje, ngakhale kilomita yathunthu, mpaka mupeze pamene watambasuka kapena wagawikana timifuleni. Pa Evolution Creek, mwachitsanzo, madzi akachuluka anthu amakawolokera kumtunda, m'dambo, kumene ndi akuya koma oyenda pang'onopang'ono. Yang'ananinso kumunsi: ngati kuli mathithi kapena mtengo wogwera m'madzi, pamenepo ayi.

Polowa, masulani lamba wa m'chiuno ndi wa pachifuwa wa chikwama kuti mukagwa muchivule msanga. Nsapato musavule; madzi ozizira choncho amachititsa mapazi dzanzi ndipo simumva pomwe mwaponda. Penyani kumene madzi akuchokera, tsamirani ndodo, ndipo sunthani mwendo umodzi, wina utakhazikika, mukupita cham'mbali. Madzi othamanga akapitirira mawondo, ganizani kawiri. Akafika m'chiuno, bwererani. Chingwe chodzimanga m'chiuno musayese n'komwe: mukagwa chimakupanikizani pansi pa madzi.

Funso: Akonzi, mwamuna wanga ndi ine tikufuna kupita ndi ana athu awiri. Tamva kuti udzudzu wakumeneko ndi wosasimbika. Pamalo ozizira chotero umachokera kuti? Kodi timwe mankhwala oteteza malungo? Ndipo mwezi wabwino ndi uti?

Yankho: Mayi, tiyambe ndi chokukhazikani mtima pansi. Malungo amafalitsidwa ndi udzudzu wa mtundu wa Anopheles, pomwe wa m'mapiriwa ndi wa mtundu wa Aedes. Mankhwala a malungo safunika. Koma umaluma usana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo neti ya usiku yokha sikwanira.

Gwero lake ndi chipale chomwecho. Udzudzu umaikira mazira m'dothi lachinyontho chaka chathachi, mazirawo amagona kunsi kwa chipale nyengo yonse yozizira, ndipo chikasungunuka n'kupanga zithaphwi m'madambo, amaswa onse pamodzi. Umaswa kamodzi kokha pa chaka. N'chifukwa chake umabwera ngati mtambo, n'kutha. Umafika pachimake milungu ingapo chipale chitachoka pamalopo, ndiye kuti umakwera phiri pang'onopang'ono kulondola kumene chipale chikuthawira. Pa tsiku limodzi lomwelo, pa mamita 2,500 ukhoza kukhala utatha, pa 3,100 uli wadzaoneni, pa 3,600 usanaswe. Kawirikawiri Julayi ndiye mwezi wake. Chaka chouma umayamba mu Juni, chaka cha chipale chambiri umafika mpaka mu Ogasiti.

Ndi ana, ife tingasankhe kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Sepitembala. Udzudzu watha, mitsinje yaphwa, njira zayera. Mtengo wake ndi usiku wozizira mpaka madzi kuundana m'botolo, ndiponso utsi wa moto wolusa umene umavutitsa California miyezi imeneyo.

Ngati tchuthi chikukukakamizani Julayi, yambani ndi zovala. Malaya a manja aatali ndi thalauza, zansalu yothinana ulusi koma zosagwira thupi, chifukwa pa chovala chothina udzudzu umaboola. Zipopereni mankhwala opha tizilombo a permethrin a 0.5 peresenti, panja, masiku awiri ulendo usanachitike, ziume bwinobwino. Mphamvu yake imakhala mpaka kuchapa kasanu ndi kamodzi. Sapakidwa pakhungu, ndipo akadali aawisi amapha amphaka ndi nsomba, choncho zovalazo musazichapire m'nyanja. Aliyense akhale ndi kaneti kovala kumutu, pamwamba pa chipewa cha mlomo kuti kasakhudze nkhope. N'kopepuka ngati mpango, koma ndi kamene kamapulumutsa ulendo.

Pakhungu loonekera pakani mafuta othamangitsa udzudzu: DEET wa 20 mpaka 30 peresenti, kapena picaridin wa 20 peresenti. DEET amadya pulasitiki: magalasi, wotchi, ngakhale chingwe chowedzera. Picaridin satero. Mafuta a dzuwa ayambe, a udzudzu pambuyo. Ana muwapake ndinu, kupewa maso, milomo ndi zikhatho.

Pogona ndiye pali nzeru. Dambo lobiriwira la m'mbali mwa nyanja limakopa maso, koma ndi kwawo kwa udzudzu. Kwerani pathanthwe louma, pamene pakupita kamphepo. Ngakhale mamita 50 okha pamwamba pa dambo amasintha zinthu. Lamulo nalonso limafuna kuti tenti ikhale mamita 30 kuchokera kumadzi. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 10 udzudzu umafooka, choncho pasulani tenti m'mamawa usanadzuke.

Funso: Ndimakonda kuwedza. Kodi m'tinyanja ta pamwambapo muli nsomba, ndipo ndinyamule chiyani chosalemera?

Yankho: Zilimo, achimwene, zamtundu wa trout, koma osati m'nyanja iliyonse. Poyamba tinyanja tambiri ta pamwamba tinalibe nsomba. Anthu ndiwo anazithiramo. Nsombazo zinayamba kudya ambululu a chule wina wa miyendo yachikasu, amene mu 2014 anaikidwa m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu, ndipo m'nyanja zina akuluakulu a nkhalango anazichotsamo dala. Fufuzani kaye dzina la nyanjayo musanasenze ndodo masiku atatu.

Yotchuka ndi golden trout, nsomba yoimira California, yochokera ku mitsinje ya kumtunda kwa Kern River: m'mbali mwake chikasu cha golide, mzere wofiira, ndi mawanga akuda obulungira pafupifupi khumi. Palinso rainbow trout ndi brook trout. Yomalizayi muizindikira ndi mzere woyera m'mphepete mwa zipsepse zapansi. Imaswana mopyola muyezo, mwakuti m'nyanja zina mudzagwira zambirimbiri za mutu waukulu, thupi lowonda. Zodya ndi zimenezo.

Apanso chipale ndicho chikulamula. Nyanja za pamwamba pa mamita 3,300 zitha kukhala zoundana mpaka Julayi. Milungu yoyamba ayezi atasungunuka nsomba zimakhala ndi njala, zimayendera m'mbali mosaya ndipo zimadya chilichonse. Tsoka lake, nthawi imeneyo ndi yomweyonso ya udzudzu. Mitsinje ndiye ikadali yodzaza ndi yothamanga, siwedzeka mpaka itaphwa. Golden ndi rainbow zimaikira mazira pa timiyala ta pomwe mtsinje umalowa kapena kutuluka m'nyanja ayezi akangochoka. Mukaziona zili ziwiriziwiri pamenepo zisiyeni, ndipo musapondepo. Mu Ogasiti madzi apamwamba akafunda zimatsikira kwakuya masana, choncho wedzani m'bandakucha ndi chisisira.

Zida zisapitirire theka la kilogalamu: ndodo yopindika, chingwe chopyapyala chopirira makilogalamu awiri, ndi tinyambo tachitsulo tozungulira ta magalamu 2 mpaka 4, monga Panther Martin, kapena Kastmaster woponyera patali. Madzulo nsomba zikamadya pamwamba, mangani kabotolo kapulasitiki koyandama kothira madzi theka kuti kalemere, kumbuyo kwake chingwe cha mita imodzi ndi theka, ndi kanyambo konga nyerere kapena ntchentche pa mbedza ya nambala 14 kapena 16. Kokani pang'onopang'ono. Cholepheretsa ambiri si nyambo ayi, ndi kuonekera. Madziwo ndi oyera ngati galasi: yandikirani chowerama, mthunzi wanu usagwere m'madzi, ndipo sambani m'manja ngati mwagwira DEET.

Aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo amafunika laisensi ya California Department of Fish and Wildlife, ngakhale mlendo. Malamulo amasiyana malinga ndi madzi: kwina nyongolotsi n'zoletsedwa, kwina mbedza iyenera kukhala yopanda kangowe, kwina nsomba zonse n'zobwezera. Kangoweko kafinyeni ndi pulayala, ndipo nsomba yobwezera muigwire ndi manja onyowa.

Funso: Ndikagwira, ndingawotche pamoto? Nanga fungo silingaitane zimbalangondo?

Yankho: Pamwamba moto wa nkhuni ngoletsedwa: ku Yosemite kuyambira pa mamita 2,926, kunkhalango yotetezedwa ya Kings Canyon pa 3,048, chifukwa mitengo yakumeneko imakula mochedwa kwambiri. Nyamulani kachitofu ka gasi, kachiwaya ndi mafuta pang'ono. Nsomba ya masentimita 25 imapsa mphindi zitatu kapena zinayi mbali iliyonse. Itumbuleni mukangoigwira, kutali ndi tenti, ndipo funsani poperekera zilolezo kumene matumbo amatayidwa m'dera limenelo. Phikirani ndi kudyera patali ndi pogona. Minga, zotsala, sopo, mankhwala otsukira mano, zonse zilowe m'chigubu cholimba chosatsegulika ndi chimbalangondo, chomwe n'chokakamiza ku Yosemite ndi madera ena ambiri a njirayi. Chitsekeni, muchiike pamalo athyathyathya mamita 30 kuchokera patenti, kutali ndi phompho kapena mtsinje, chifukwa chimbalangondo chikalephera kutsegula chimachigubuduza.